Kodi tikufunadi Kamuzu wina?

Loweruka lapitali ndidapita kukametetsa pamalo ena pafupi ndi msika wa Chilobwe. Magetsi adali atathima, ndiye tonse tidangondandalika pabenchi, wometa akupukuta makina ake mobwerezabwereza ngati kuti akawala kwambiri magetsiwo abwera msanga. Amuna akasowa chochita nkhani zimakhala ziwiri, mpira kapena ndale. Za mpira tidamaliza msanga.

Padali mnyamata wina wa kabaza, chisoti chake chili pabondo. Adayamba ndi mtengo wa ufa, n'kubwera pa mafuta a njinga yake, n'kufika pa mng'ono wake amene adakhoza Fomu 4 koma akungokhala pakhomo. Kenaka adanditembenukira nati: "Madala, dziko lino silikufuna zambiri ayi. Pakungofunika Kamuzu wina basi, munthu mmodzi woti akatsokomola dziko lonse likhale chete." Anzake adagwedeza mitu kuvomereza.

Ndidamufunsa kuti adabadwa liti. Adati 2001. Apo n'kuti Kamuzu atagona m'manda zaka zoposa zitatu.

Sindidamuseke, chifukwa mawu amenewa ndawamvapo m'minibasi, pamaliro, ngakhale pakamwa pa anthu a imvi amene adaona zinthu ndi maso awo. Munthu akatopa ndi umphawi amalakalaka wina wamphamvu woti akonze zonse tsiku limodzi. Ndisanamuyankhe magetsi adayaka, aliyense n'kuyamba kulimbirana mpando wometera. Choncho mphwanga, yankho lako ndi lino. Ndikuyankha ngati munthu wa ku Chilobwe, chifukwa dera lathuli lili ndi gawo lake m'mbiri ya mpando wa pulezidenti, gawo limene ambiri salidziwa.

Mpandowu si wakale kwenikweni. Pa 6 Julayi 1964, pomwe tinkalandira ufulu wodzilamulira, Dr Hastings Kamuzu Banda adali nduna yaikulu. Mfumukazi ya ku Britain idali ikadali pamwamba, ndipo woiimira kuno adali bwanamkubwa Sir Glyn Jones. Udindo wa pulezidenti udabadwa pa 6 Julayi 1966, ndipo malamulo amene adaubereka ndi omwewo amene adati chipani chikhale chimodzi chokha, cha Malawi Congress Party. Mu 1971 Kamuzu adakhala pulezidenti wamuyaya. Koma mphamvu zidali zitayamba kale kuunjikana pa munthu mmodzi. Mu Sepitembala 1964, ufulu usanakwanitse ndi miyezi itatu yomwe, nduna zimene zidayesa kumuwongolera zidaona zakuda. Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi adachotsedwa, pomwe Masauko Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula pansi maudindo awo. Ambiri mwa iwo adathawira kunja. Kuyambira pamenepo, nduna zotsala zidaphunzira kuti ntchito yawo ndi kuvomereza.

Tsono pano ndi pamene Chilobwe akulowera m'nkhaniyi. Kuyambira chakumapeto kwa 1968 mpaka kumayambiriro kwa 1970, anthu pafupifupi 30 adaphedwa usiku m'nyumba zawo m'madera ozungulira mzinda wa Blantyre, ndipo kuphana kumeneku kudatenga dzina la dera lathu. Ine ndidali mwana. Chimene ndimakumbuka ndi mtondo umene mayi ankatsamiritsa kuchitseko dzuwa likangolowa, ndi nkhwangwa imene bambo ankagona nayo kumutu. Galu akauwa kwa aneba, nyumba yonse inkadzuka. Mphekesera zidali ponseponse, ndipo yoopsa kwambiri inkati boma lenilenilo ndilo likupopa magazi a anthu kuti likabwezere ngongole ku South Africa. Umboni wa zimenezo padalibe, koma ambiri adakhulupirira, poti n'kuti Malawi atangopalana kumene ubwenzi ndi boma latsankho la dzikolo mu 1967.

Anthu adatopa ndi mantha ndipo ankafuna kuona wina akulangidwa. Mu 1969 anthu ena amene adagwidwa pankhaniyi adamasulidwa ndi bwalo lalikulu la milandu chifukwa umboni udali wosakwanira. Anthu adakwiya, Kamuzu adakwiya koposa. Posakhalitsa Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo kuti milandu ikuluikulu, monga yakupha, kenaka ndi youkira boma, izitha kuzengedwa m'makhoti a mafumu. Kumeneko woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, ndipo oweruza ankasankhidwa ndi pulezidenti, amenenso ankatha kuwachotsa tsiku lililonse. Majaji achizungu a bwalo lalikulu adasiya ntchito posagwirizana nazo.

Makolo athu ambiri adaona ngati zakhala bwino. Munthu amene akugona ndi nkhwangwa kumutu safunsa za loya wa chigawenga. Mu 1970 munthu wina, Walla Laini Kawisa, adagwidwa n'kuvomera milanduyo, ndipo kuphana kuja kudatha. Koma makhoti aja sadathe. Adakhalapo mpaka 1993, ndipo taonani amene adadutsamo. Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani, adaweruzidwa kumeneko n'kunyongedwa mu 1977. Gwanda Chakuamba, nduna yamphamvu ya m'chigawo cha kummwera, adamupatsa zaka 22. Orton Chirwa, amene adali mtsogoleri woyamba wa chipanicho komanso nduna ya zachilungamo, adagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera mu 1981, ndipo mu 1983 onse awiri adaweruzidwa kuti aphedwe. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera adatuluka mu Januwale 1993.

Mphwanga, phunziro la Chilobwe ndi limeneli. Msampha umene udatcheredwa chigawenga cha usiku, anthu akuombera m'manja, udasanduka msampha wa aliyense amene pulezidenti wamukwiyira. Mphamvu zimene timapereka kwa munthu mmodzi pa tsiku la mantha sizibwerera mantha akatha.

Sindikunena kuti Kamuzu sadachite kanthu. Yunivesite ya Malawi idatsegulidwa mu 1965. Likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975. Misewu ya tala idamangidwa, ADMARC inkafika kumudzi ndi sikelo yake, ogwira ntchito m'boma ankaopa kuchedwa. Phiri la Soche lomweli lidali ndi mitengo, ndipo munthu sankangolowamo ndi nkhwangwa. Zimenezi ndi zoona, ndipo amene amazikana amanama.

Koma bata lija lidali ndi mtengo wake, ndipo olipira adali anthu wamba. Wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pachipata cha msika ndi pokwerera basi. A Mboni za Yehova adaletsedwa mu 1967, ndipo chifukwa chokana makadiwo adamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ambiri n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Lamulo la mu 1973 lidaletsa amayi kuvala buluku kapena siketi yaifupi. Anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu zaka ndi zaka popanda kuonekera kukhoti, ndipo mmodzi wa iwo adali mlakatuli Jack Mapanje, amene adakhalako kuyambira 1987 mpaka 1991. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza, boma n'kunena kuti idali ngozi ya galimoto. Kafukufuku amene adachitika ulamulirowo utatha adapeza kuti anthuwa adachita kuphedwa. Mlandu udazengedwa mu 1995 ndipo Kamuzu ndi anzake adapezeka osalakwa. Onani kusiyana kwake: iye adazengedwa m'bwalo lalikulu, ali ndi maloya ake, mwayi umene Orton Chirwa adamanidwa.

Amene adathetsa ulamuliro umenewu sadali munthu mmodzi wamphamvu. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a mpingo wa Katolika adatulutsa kalata imene idawerengedwa m'matchalitchi monse, yodzudzula kutsekera anthu popanda mlandu ndi kusowa kwa ufulu wolankhula. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana adatsika ndege ku Lilongwe akudziwa kuti amangidwa, ndipo adamangidwadi. Mu Meyi ogwira ntchito pafakitale ya nsalu ya David Whitehead mu Blantyre muno adanyanyala ntchito, chipolowe chidafalikira mumzinda, ndipo anthu makumi angapo adaphedwa. Pa 14 Juni 1993 tidaima pamzere kusankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo pafupifupi anthu 63 mwa 100 alionse adasankha nyali, kutanthauza zipani zambiri. Mu Disembala chaka chomwecho asilikali adalanda zida apayoniya. Pachisankho cha pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi wa UDF adapambana ndi mavoti pafupifupi 47 mwa 100 alionse, ndipo Kamuzu adalankhula pawailesi kuvomereza kugonja. Ngati pali tsiku limene ndimamuchotsera chipewa mkuluyo, ndi limenelo. Adamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997 ali munthu wamba.

Amene adalemba malamulo atsopano oyendetsera dziko, omwe adakhazikika mu 1995, adali ndi zipsera za zaka 30 zija. N'chifukwa chake adamanga mpandowu ndi zingwe. Pulezidenti alamulire zaka zisanu, ndipo asapitirire maulendo awiri otsatizana. Makhoti akhale oima paokha. Wachiwiri wake, poti amasankhidwa naye limodzi ndi anthu, asachotsedwe ngati wantchito wa pakhomo. Mbiri ya apulezidenti onse amene abwera pambuyo pa Kamuzu ndi mbiri ya zingwe zimenezi: wokhala pampando akuzikoka, ena akuzigwira kuti zisaduke.

Muluzi adabweretsa ufulu wolankhula umene tikudyerera lero, ndipo mu 1994 adachotsa fizi kupulayimale. Ana adakhamukira kusukulu, chiwerengero n'kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ngakhale kuti ambiri ankaphunzirira pansi pa mtengo. Koma chimanga cha m'nkhokwe za boma chidagulitsidwa njala ya 2002 isanafike, ndipo m'chaka cha njala chomwecho nkhani yaikulu ya andale idali yofuna kuchotsa malire a zaka za pulezidenti. Pa 4 Julayi 2002 bilu yake idafika m'Nyumba ya Malamulo. Pankafunika aphungu 128 kuti idutse, ndipo idapeza 125. Mavoti atatu okha ndiwo adatitchinga kuti tisabwerere ku ulamuliro wamuyaya. Adayesanso kumayambiriro kwa 2003 ndi bilu yoti alamulire kachitatu, koma mipingo, maloya ndi ophunzira adakana, n'kulephereka.

Bingu wa Mutharika adalowa mu 2004 atanyamulidwa ndi Muluzi, ndipo mu Febuluwale 2005 adatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP. Zaka zake zisanu zoyamba adalamulira ali ndi aphungu ochepa, otsutsa akumupanikiza tsiku ndi tsiku. Ndi m'zaka zimenezo momwe makuponi a feteleza adayamba, nkhokwe n'kudzaza, ngongole zambiri zakunja n'kukhululukidwa mu 2006. Mu 2009 tidamuthokoza ndi mavoti pafupifupi 66 mwa 100 alionse komanso aphungu ochuluka. Zingwe zitamasuka, munthu yemweyo adasintha. Mbendera idasinthidwa mu 2010. Kazembe wa dziko la Britain adathamangitsidwa mu Epulo 2011, thandizo lakunja n'kuchepa. Galimoto zinkagona pamzere wa mafuta. Pa 20 Julayi 2011 anthu adachita zionetsero ndipo pafupifupi 20 adaphedwa. Ndikufuna uone bwino apa, mphwanga: Bingu amene anthu amamukumbuka ndi chimanga ndi uja adali womangika, ndipo amene amamukumbuka ndi zigubu za mafuta ndi uja adali ndi mphamvu zonse.

Bingu adamwalira mwadzidzidzi pa 5 Epulo 2012. Wachiwiri wake, Joyce Banda, adali atachotsedwa m'chipani cha DPP mu Disembala 2010, koma paudindo wa boma padalibe womuchotsa chifukwa cha chingwe chija. Kwa masiku awiri imfayo idabisidwa, nduna zina zikufunafuna njira yomulambalala. Asilikali, motsogozedwa ndi General Henry Odillo, adaima ndi malamulo, ndipo pa 7 Epulo mayiyu adalumbira kukhala pulezidenti wachinayi, mayi woyamba pampandowu. Adabwezeretsa mbendera yakale, adakonza ubale ndi mayiko otithandiza, mafuta n'kuyambanso kupezeka, ngakhale kuti kugwa kwa kwacha mu Meyi 2012 kudawawa m'thumba. Kenaka mu Sepitembala 2013 kudaphulika nkhani ya Cashgate, ndalama za boma mabiliyoni zikupezeka zitatuluka ku Capital Hill popanda ntchito yogwirika, zina m'mabuti a galimoto. Pachisankho cha pa 20 Meyi 2014 adakhala wachitatu. Mavoti akuwerengedwa adalengeza kuti wathetsa chisankhocho, koma khoti lidati alibe mphamvu zotero, ndipo adamvera.

Peter Mutharika adapambana chisankho chimenecho ndi mavoti 36 okha mwa 100 alionse, poti nthawi imeneyo woposa anzake ndiye ankatenga mpando. Pachisankho cha pa 21 Meyi 2019 adalengezedwanso wopambana ndi mavoti osakwana 39 mwa 100, koma mapepala ambiri a zotsatira adali ofufutidwa ndi Tipp-Ex. Anthu adakhala m'misewu miyezi yambiri. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Mike Tembo, adagamula kuti chisankhocho sichidayende bwino ndipo chichitikenso. Adanenanso kuti malamulo akamati wopambana akhale ndi mavoti ochuluka, akutanthauza oposa theka la mavoti onse. Bwalo la apilo lidavomereza chigamulocho mu Meyi. Mu Africa muno, dziko la Kenya lokha ndilo lidachitapo zotere, mu 2017. Taganiza, dziko limene mu 1969 lidalanda majaji mphamvu chifukwa cha mantha a ku Chilobwe, patapita zaka 51 lidapulumutsidwa ndi majaji.

Lazarus Chakwera adapambana chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020 ndi mavoti pafupifupi 59 mwa 100 alionse, atagwirana manja ndi Saulos Chilima. Adalonjeza ntchito 1 miliyoni, kudya katatu patsiku ndi kuchepetsa mphamvu za pulezidenti. Adapitako ku Nyumba ya Malamulo kukayankha mafunso a aphungu, chinthu chimene chidali chitaiwalika. Koma kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mizere ya mafuta idabwerera, ndipo mitengo ya zinthu idathamanga kusiya malipiro kumbuyo. Chilima adamwalira pangozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni 2024 pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Pa 16 Sepitembala 2025 anthu adavota, Chakwera adavomereza kugonja zotsatira zisanalengezedwe, ndipo Peter Mutharika, yemwe tidamuchotsa mu 2020, adabwerera ndi mavoti pafupifupi 57 mwa 100 alionse. Adalumbirira pabwalo la Kamuzu Stadium, pafupi pomwepa, pa 4 Okutobala.

Amenewa ndiwo anthu asanu ndi mmodzi amene akhalapo pampandowu. Aliyense adalowa anthu akuvina, ndipo aliyense adasiyapo chabwino china. Koma ukayang'ana masiku amene dziko lino lidatsala pang'ono kugwa m'dzenje, 1992, 2002, 2012 ndi 2020, upeza kuti wolipulumutsa sadali wokhala pampando. Adali maepiskopi ndi ogwira ntchito m'fakitale, aphungu ochepa amene adakana kugulidwa, asilikali amene adakana kulowerera ndale, majaji amene adawerenga mapepala mmodzimmodzi, ndi anthu wamba oima pamzere kuyambira mbandakucha. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo mbiri yathu yavomereza.

Ndikudziwa chimene undiyankhe. Unena kuti zonsezi ndi zabwino, koma zingwe sizidyedwa, ndipo ufa ukadali wodula. Ukunena zoona. Chimene taphunzira bwino kuyambira 1994 ndi kuchotsa pulezidenti. Apulezidenti anayi achoka pampando atagonja pachisankho, popanda mfuti kulira, ndipo mayiko ambiri amatisirira pa chimenechi. Chimene sitidaphunzire ndi kugwira boma pakati pa chisankho ndi chisankho. Tikavota timakakhala pansi zaka zisanu, kudikira kuti munthu mmodzi atikonzere zonse, ndipo akalephera timasaka wina. Pamenepo ndiye kuti tikufunabe Kamuzu, kungoti tikufuna tizimusintha zaka zisanu zilizonse.

Ndipo zingwe zina zidadulidwa ife tikuyang'ana kumbali. Malamulo a 1994 adali ndi gawo lopatsa anthu mphamvu zochotsa phungu wawo nthawi yake isanakwane ngati sakugwira ntchito. Aphungu adalichotsa mu 1995. Padalinso ndondomeko yokhala ndi nyumba yachiwiri ya malamulo, ya Seneti, momwe mukadakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana. Idachotsedwa mu 2001 isanakhalepo n'komwe. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, kutanthauza kuti kwa zaka zisanu ndi zinayi munthu wa ku Chilobwe adalibe womusankha yekha woti akamudandaulire za ngalande, msika kapena zinyalala. Mpaka lero pulezidenti ndiye amasankha nduna, mkulu wa apolisi, mkulu wa asilikali, akazembe ndi mabodi a makampani a boma. Vuto la mpandowu si kuchepa mphamvu ayi. Mphamvu zilipo zambiri, chochepa ndi owuyang'anira.

Tonse a kuno tikukumbuka Malichi 2023, pomwe namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kutsika pa nyumba za anthu ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko lonse anthu oposa 600 adatsimikizika kuti adafa, ndipo mazana ena sadapezeke mpaka lero. Pulezidenti wa nthawiyo adabwera kuno kudzakhala nawo pamwambo wa maliro, nalengeza masiku 14 olira. Zidali zoyenera. Koma zimene zikadachepetsa maliro aja si ntchito za tsiku limodzi za munthu mmodzi. Ndi mitengo imene ikadatetezedwa m'phirimo zaka 30 zapitazi, mapuloti otsika mtengo pamalo abwino kuti wosauka asakamange pamtsetse, ngalande zokumbidwa mvula isanagwe, ndi chenjezo lofika pakhomo nthawi ikadalipo. Zimenezi zimachitika ngati maofesi ang'onoang'ono akugwira ntchito ndipo anthu akuwafunsa. Ukhoza kunena kuti nthawi ya Kamuzu mitengo idalipo chifukwa anthu ankaopa. Inde, koma zimene zimasungidwa ndi mantha a munthu mmodzi zimatha munthuyo akachoka, ndipo phiri lathu ndi umboni. Tsiku limene mantha adatha, nkhwangwa zidalowa, chifukwa padalibe china chilichonse chogwira.

Choncho ndikupempha zinthu zochepa, kwa iwe ndi kwa awerengi onse. Dziwani dzina la khansala ndi la phungu wa dera lanu, ndipo mukawafunse ndalama za chitukuko cha m'dera mwanu zagwira ntchito yanji chaka chino. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo ndi lanu, si la atolankhani okha. Mukamva wandale, wa chipani chilichonse, akunyoza majaji chifukwa agamula zomuipira, kumbukirani 1969. Mukamva wina akuti malamulo akuchedwetsa chitukuko, tingomupatsa bwana mphamvu zonse, kumbukirani mavoti atatu a 2002. Ndipo pulezidenti amene mudamuvotera ndi amene muyenera kumuyang'anitsitsa koposa, poti wakutsina khutu ndi mnansi.

Pakhoma la mometera muja pali chithunzi cha pulezidenti. Wometa adatiuza kuti chiyambireni ntchitoyi wasintha zithunzi kangapo, koma msomali ndi womwewo. Iwe mphwanga udakhala pansi pa chithunzi chimenecho, n'kunena mokweza kuti boma lakulephera, anthu khumi akumva, kenaka udametetsa, n'kukwera njinga yako kukasaka makasitomala. Ukadayankhula mawu omwewo pamalo omwewo mu 1985, mmodzi mwa anthu khumiwo akadakanena, ndipo mayi ako akadayamba kuzungulira ku Chichiri ndi ku Zomba kufunsa ngati wina wakuonako. Kudandaula kwako n'koona ndipo usasiye. Loweruka likubwerali ndidzakhala pabenchi pomwepo. Ubwere ndi dzina la khansala wako, tidzayambire pamenepo.